Maluwa Asanafike Kunsonga

Wilmer analonjeza pagulu, ndipo n'chimene chinkamuwawa kwambiri Leona. Akanalonjezera kuchipinda, bwenzi nkhaniyo itathera komweko ngati malonjezo ena onse a m'banja. Koma iye anachita kuimirira mu holo ya m'mudzi, anthu akumwa msuzi wa mphalapala ya kumaiko ozizira kuno, supuni ili m'manja, n'kulengeza kuti maluwa a palupsa asanafike kunsonga, mkazi wake adzakhala akugona pansi pa denga lakelake. Anthu anaomba m'manja. Amene anaomba kwambiri anali Thelma, mchemwali wake wa Wilmer, poti banjali linali m'nyumba mwake chiyambire chaka cha moto.

Kuno m'mbali mwa mtsinje wa Yukon, munthu akatchula maluwa amenewa ndiye kuti watchula tsiku. Amamera pamene papsa, m'mbali mwa msewu, paliponse pamene nthaka yavulazidwa, mapesi ake ofika munthu pachifuwa. Samasula onse nthawi imodzi ayi. Amayambira m'munsi mwa phesi n'kumakwera, a pansi akufota a pamwamba akutseguka, ndipo lomaliza likamasula kunsonga ndiye kuti chilimwe chatha, ngakhale dzuwa litamawalabe ngati silinamve. Kenako timakoko take timasweka, thonje n'kuyamba kuuluka, ndipo amene sanadule nkhuni amayamba kuyenda mozolika. Mwana aliyense amazidziwa zimenezi, ndipo Wilmer sanali mwana.

Moto uja unatsika m'phiri zaka ziwiri zapitazo n'kudya nkhalango yonse ya kuseri kwa mudzi, pamodzi ndi nyumba yawo. Anapulumutsa agalu, mfuti ndi makina osokera. Chilimwe chotsatira Wilmer anaimika makoma a zipika, okongola ndithu, pakuti manja ali nawo mwamuna ameneyu, pamenepo tisamunamizire. Anakhomanso mapaso. Chinatsala ndi kufolera basi, ndipo chaka cha lonjezolo malata anafika ndi chombo choyamba cha katundu madzi oundana atangochoka mumtsinje. Anawasanja pambali pa nyumbayo n'kuwafunditsa lona wabuluu.

Kwa Thelma ankagona pabalaza, kuseri kwa bulangete lopachikidwa pachingwe, mitu ili pafupi ndi TV. Thelma sanali munthu woipa. Akanakhala woipa zikanaphweka, munthu ukanadziwa pomugwira. Iye anali munthu wabwino wofuna kuti uzikumbukira m'mawa ndi madzulo kuti ndi wabwino. Leona akatsuka mbale, Thelma ankabwera pambuyo n'kuzitsukanso, osanena kanthu, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Leona akadula nsomba zoyanika, Thelma ankanyamula imodzi n'kumaitembenuza.

"Kwanu kumunsi kuja mumadula chonchi, alamu? Eti. Musadandaule, agalu adya."

Leona ankangomwetulira mpaka masaya kuwawa. Mbale zinali za Thelma, mpeni wa Thelma, ngakhale msomali wopachikapo jekete unali wa Thelma.

Chaka cha lonjezolo maluwa anamera pamalo pawo ngati wina anachita kufesa. Phiri lonse limene linali lakuda bii linangoti psuu, pakati pa zitsa za makala, ndipo nyumba yopanda denga ija inamira momwemo mpaka m'mawindo. Anthu ankakwera kudzajambula zithunzi. Leona naye ankakwera m'mawa uliwonse, koma iye sankaona kukongola kulikonse. Ankagwira phesi limodzi, kuyang'ana pamene maluwa afika, n'kutsika mtima uli m'mwamba. Akafika kunyumba ankapeza Wilmer watuluka kale. Lero akukonza injini ya boti la wina. Mawa akuthandiza kukumba manda. Mkuja akumanga mpanda wa sukulu, chinthu choti sanamutume n'komwe. Mudzi wonse unkamutamanda kuti Wilmer sakana munthu, ndipo Leona akamva zimenezo ankafuna kulavula.

Tsiku lina atakwera anaona lona uja akukupizika ndi mphepo mwachilendo, pakati pake patalowa. Anakweza ngodya imodzi. Pansi pake panali matabwa osanjira aja, udzu woyera wosowa dzuwa, ndi malata awiri opindika.

Anamupeza padoko, atagwada m'boti la munthu wina, manja ali ndi mafuta okhaokha.

"Wilmer, malata ali kuti?"

"Malata ati?"

"Amene timadyera tiyi aja. Ukuganiza kuti ndikunena ati?"

Wilmer anatenga kansanza n'kuyamba kupukuta zala chimodzichimodzi, ngati yankho lili pansi pa zikhadabo.

"Amalume a Silas kunkawadonthera."

"Anakupempha?"

"Iwe ukuwadziwa akuluakulu, sapempha. Ndinakawasiyira nsomba, iwo n'kungonena kuti mvula ya chaka chino ikudziwa pamene pali bedi lawo. Ndiye ndikanatani? Ndiwauze kuti pepani, sunthani bedi?"

"Eya. Bedi limasuntha, Wilmer. Lili ndi miyendo inayi."

Kuno munthu sakuuza kuti ndipatse. Amangotchula vuto lake akuyang'ana kumbali, ngati akukamba za mitambo, ndipo iwe wamva. Ukapanda kumva palibe amene adzakudzudzule. Anthu amangosiya kutchula zinthu pamaso pako, ndipo m'mudzi waung'ono ngati uno chimenecho chimapweteka kuposa kutukwanidwa. Leona ankaudziwa mwambowo, anakuliramo. Chimene sankamvetsa n'chakuti iye wakhala akutchula vuto lake zaka ziwiri, osati akuyang'ana kumbali koma m'maso mwenimweni, ndipo mwamuna yemweyu wa makutu akuthwa sankamva kanthu.

"Ndiitanitsa ena," anatero Wilmer. "Abwera ndi chombo chomaliza. Kufolera ndi ntchito ya masiku ochepa, mkazi wanga. Nthawi ilipo yambiri. Iwe wachokera komweko, maluwa sanafike n'komwe pakati."

Leona analoza kumtunda kwa doko, pamene maluwa anamera m'mbali mwa migolo ya mafuta. Amenewo anali atatsala pang'ono kufika kunsonga.

"Nanga awo?"

"Awo ndi a padoko, amathamanga. Amamera pamiyala yotentha, dzuwa tsiku lonse. Usamawakhulupirire. Ine ndinalonjeza za a pamalo pathu."

"Mu holo muja unatchula malo?"

"Sindinatchule, koma aliyense anamva kuti ndikunena a kwathu. Munthu angalonjeze ndi maluwa a eni?"

Mwini boti uja anaseka n'kunamizira kutsokomola. Leona anatembenuka n'kumapita, chifukwa akanakhalabe pamenepo wina akanagwera m'madzi.

Tsono malo awowo ali kuseri kwa phiri. Dzuwa limafikako mochedwa, ndipo ukakumba pang'ono umapeza nthaka yozizira ngati chitsulo ngakhale pakati pa chilimwe. Chilichonse chimachedwa kumeneko. Zipatso zikatha kwina konse, akazi amakathyola zomaliza kuseri kwa phiri, ndipo Wilmer anakulira pomwepo, ankadziwa bwinobwino. Koma munthu wofuna nthawi amasankha maluwa oyenda pang'onopang'ono. Tsiku lililonse Leona akamukumbutsa zoitanitsa malata, iye ankayankha ndi maluwa. Tsiku lina anachita kuthyola phesi limodzi n'kubwera nalo kunyumba, kuliika patebulo ngati mboni.

"Taona wekha. Onsewa sanamasule."

Thelma analinyamula ndi zala ziwiri n'kukaliponya panja, ati limabweretsa tizilombo m'nyumba mwake.

Anaitanitsa ndithu pomaliza pake, Leona atachita kumuperekeza kusitolo ngati mwana wokana sukulu. Koma nthawi imeneyo maluwa a padoko anali atasanduka thonje, likuuluka n'kumamatira pa maukonde. Mvula kumtunda inali itasowa. Mtsinje unkaphwa tsiku ndi tsiku, mchenga n'kumatuluka pakatikati pamene maboti ankadutsa osaganiza kawiri. Leona ankangouyang'ana mtsinjewo.

Uthenga unafika masana, pa wailesi ya m'mudzi, atatu onsewo ali patebulo. Chombo chomaliza chabwerera panjira, madzi achepa. Katundu yense wotsala adikira chilimwe cha chaka chamawa. Amene ali ndi tinthu ting'onoting'ono alankhule ndi a ndege.

Kandege kamene kamatera kuno kamanyamula makalata, mankhwala ndi anthu ochepa okhala mopanikizana. Lata silingalowemo ngakhale utalipinda. Palibe anafunika kunena zimenezo. Thelma anaika supuni pansi mwakachetechete. Wilmer anayang'ana pawindo.

"Mwina kumtunda kugwa mvula," anatero.

M'mawa mwake Wilmer anatsuka mfuti, kunyamula tenti ndi mafuta, ati nyengo yosaka mphalapala yatseguka ndipo pali nkhalamba zingapo zimene zikudalira iye kuti zipeze nyama ya m'chisanu. Zinali zoona, ndipo n'chimene chinkanyansa kwambiri, kuti zifukwa za Wilmer nthawi zonse zimakhala zoona. Anamupsompsona Leona pamphumi n'kunena kuti akabwera aona chochita. Leona sanapite kudoko kukamutsazika.

Madzulo a tsiku lomwelo anatsuka mbale n'kuziika pathandala. Thelma anabwera, nyimbo ili pakamwa, n'kutambasula dzanja. Leona anaigwira mbaleyo mbali inayo.

"Imeneyi ndatsuka, alamu."

"Sindinanene kanthu ine."

"Simunena kanthu, n'zoona. Zaka ziwiri simunanene kanthu. Lero nenani."

Anakokerana mbaleyo pang'ono, akazi akuluakulu awiri a imvi m'mutu. Kenako Thelma anaisiya n'kupukuta manja pa epuloni.

"Chabwino. Ndatopa nanu. Ndatopa ndi mkonono wa mchimwene wanga, umene ndinauthawa ndili mtsikana n'kudzandipezanso ku ukalamba. Ndatopa kuyenda monyang'ama m'nyumba mwanga momwe. Ndikufuna kuonera TV nditakweza miyendo, nditavala chimene ndafuna, kapena osavala n'komwe. Ndikamva kuti muli muno chisanu china chonse, mpweya umandithera."

"Inenso ndatopa nanu, alamu. Ndatopa ndi nyimbo yanuyo. Ndimaimva ndi kutulo komwe."

"Ndiye tagwirizana."

"Tagwirizana."

Aka kanali koyamba kugwirizana chinthu chikwatiwire Leona m'banjamo. Anakhala pansi onse awiri, akupuma ngati athamanga. Leona ankafuna kulira koma mkwiyo unali utaumitsa misozi. Thelma anathira tiyi m'makapu awiri, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Amayi anatilerera m'nyumba ya denga la dothi," anatero. "Silinkadontha kwambiri."

"Kwambiri?"

"Ndati kwambiri. Mukufuna denga kapena mukufuna bulangete lija?"

Anayamba m'mawa mwake. Mitengo yoyala pamwamba sinali yosowa, moto unasiya yambirimbiri itaima chiimire, yowonda, youma, yakuda. Ankaigwetsa, kuisadza, kuikokera kunyumba n'kuiyala pamapaso mothinana. Pofika masana onse awiri ankakhala akuda ngati ogulitsa makala, mano okha mbee. Dothi ndi lolemera kuposa malata, ndiye Thelma analamula kuti aimike mzati pakati penipeni pa chipinda chochezera kuti mtanda usathyoke. Leona sanaufune mzatiwo. M'maganizo mwake pamenepo panali poyala mkeka wake woluka. Anakangana theka la tsiku, mzati n'kuima.

Pamwamba pa mitengo anayala lona wabuluu uja ndi mapulasitiki onse amene anawapeza m'mudzimo, kenako ndere za kudambo, kenako zibuma. Zibumazo ankazidula ndi fosholo pakati pa maluwa pomwepo, chifukwa mizu yake imayenda pansi n'kulukana, chibuma chimanyamuka chathunthu osagumuka. Koma kuidula mizu imeneyo ndi nkhondo. Umaponda fosholo ndi thupi lonse, iyo n'kungokubweza. Ukachidula umachibereka kumsana, kukwera nacho makwerero, dothi likulowa m'khosi mwa malaya, kuchiika, kutsika, kuyambiranso. Denga likamaoneka laling'ono uli pansi, umadziwa kukula kwake ukamalifolera ndi msana.

Nthawi imeneyo maluwa okhulupirika a Wilmer aja nawo anali atafika kunsonga, atadutsanso. Masamba anafiira, timakoko tinasweka, ndipo phiri lonse linayamba kutulutsa thonje. Linkalowa m'kamwa, m'mphuno, m'maso. Ukathira tiyi, usanamwe n'komwe pamwamba payera kale. Linkamatira pa thukuta la kumaso mpaka Thelma kuoneka ngati wamera ndevu. M'mawa ankapeza chisanu chitayera pazibuma, fosholo ikuluma zala. Leona ankadzuka msana utauma, kuvala nsapato atakhala pansi chifukwa kuwerama kunkakanika.

Odutsa sankasowa chonena. Ena ankathandiza kukweza chibuma chimodzi kapena ziwiri n'kukumbukira kuti asiya madzi pamoto. Ena ankangoima m'munsi manja ali m'thumba.

"Kodi maluwa aja sanafikebe kunsonga, Leona?"

"Kafunseni mwini wake. Ali ndi ake apadera."

Ndiye tsiku lina kunamveka kanjinga kamoto kakukwera phiri mwapang'onopang'ono. Anali amalume a Silas eni ake, atavala chipewa cha ubweya, ndodo atapingasa pamiyendo. Anatsika, kusankha chitsa chabwino, kukhala, n'kuyang'ana ntchitoyo kwa nthawi yaitali akugwedeza mutu movomereza.

"Ili ndiye denga," anatero. "Mwachita bwino ana anga. Lofunda, lachete. Malata aja ine sakundigonetsa. Mvula ikangoti pang'ono, phokoso ngati ana akumenya zitini. Sindikudziwa kuti anthu amawakonderanji."

Leona anali pamakwerero, chibuma chili kumsana. Anaima pomwepo. Mawu amene anabwera pakamwa pake anali oti akanawatulutsa, mudzi ukanawakumbukira mpaka pamaliro ake. Anawameza. Anakwera, kuika chibumacho pamalo pake, n'kuchiponda ndi phazi mwamphamvu kuposa mmene chinkafunikira.

Thelma anali atagona chafufumimba padengapo, mapewa akugwedezeka. Leona anayamba kuganiza kuti akulira. Ayi, ankaseka, atatseka pakamwa ndi dzanja la dothi kuti amalume asamve.

"Ukuseka chiyani iwe?" ananong'ona Leona.

"Akuti akusokosa. Leona, malata ako akuwasokosa."

"Ndikugwetsa pansi, Thelma."

"Ndigwetse, ndikapume."

Leona naye chinamugwira. Anaseka mpaka m'nthiti kuwawa, kuseka kopanda chisangalalo, misozi ikusakanikirana ndi makala. Amalume pansipo anafunsa ngati pali tiyi. Kuyambira tsiku limenelo za alamu ndi inu zinatha pakati pa awiriwa, ankangoitanana iwe ndi iwe, ndipo kukangana kunaphwekako.

Manja a Thelma ndiwo anavutika kwambiri. Iye ndi wamkulu kwa Leona, ndipo zala zake zinali zotupa kale ndi nyamakazi. Matuza anatuluka, kuphulika, kutulukanso pomwepo. Ankawamanga ndi nsanza n'kugwiranso fosholo. Leona akamuuza kuti apume, iye ankakalipa.

"Ndipume kuti ukhalenso pabalaza panga? Kweza chibumacho."

Chibuma chomaliza anachiika m'mawa wina kumwamba kuli kotuwa, timadontho toyamba ta chipale chofewa tikugwa mosakanikirana ndi thonje, osadziwika kuti ichi n'chiti. Malata awiri opindika aja anawawongola ndi nyundo n'kutchingira pozungulira paipi ya chitofu. Leona anasonkha moto. Utsi unazungulira kaye m'nyumbamo ngati ukufuna potulukira, kenako paipi inakoka.

Anaima pakati pa chipindacho atatsamira mzati umene ankaukana uja. M'nyumbamo munali fungo la dothi lonyowa ndi utomoni. Munali tebulo, mipando iwiri, bedi ndi makina osokera, zimene anazikweza dzulo lake pa ngolo yobwereka. Munalibe TV, munalibe nyimbo. Chimwemwe chinamugwira mwadzidzidzi. Anali atayiwala kuti munthu angathe kuima m'chipinda osaganiza kuti waima pa njira ya wina.

Thelma anali atakhala pakhonde, manja ali pamiyendo.

"Ine ndikupita kwathu," anatero. "Ndikachotsa chingwe chija, ndikakoka sofa kuibwezera pamalo pake, ndikhoma chitseko. Aliyense wogogoda ndimuuza kuti ndinamwalira."

Asanadzuke n'komwe, kunamveka injini m'munsi mwa phiri. Anali Wilmer pa kanjinga kamoto, ngolo ili kumbuyo yodzaza nyama yokutidwa ndi nsalu, ndevu zitamera, nkhope ikuwala. Anazimitsa injini n'kuima akuyang'ana dengalo, manja ali m'chiuno. Analizungulira konse. Anakankha khoma ndi dzanja ngati akuyesa ntchito ya ana asukulu.

"Si izi," anatero. "Ndinanena ine kuti chisanu chisanakhwime tikhala talowa."

Leona anamuyang'ana. Analibe mphamvu zokwiyira, zonse zinathera pamakwerero.

"Tsitsa nyamayo, Wilmer."

"Mtsinje wonse ukukamba za inu. Ndinamva pa wailesi ya m'boti ndili kumtunda, akuti akazi awiri akufolera ndi dothi ngati kale. Ndinanyada kwambiri. Ndinamuuza Arlo kuti ameneyo ndi mkazi wanga ndi mchemwali wanga."

"Arlo uti?" anafunsa Thelma. "Wa azakhali? Si ali kutauni ku Fairbanks ameneyo?"

"Ntchito inamuthera. Ndinakumana naye pamudzi wa kumtunda akusowa boti, iye, mkazi wake ndi ana. Ndabwera nawo." Wilmer anayamba kumasula zingwe za pangolo, osayang'ana aliyense. "Nyumba yawo yakale ija inapendekeka, mukudziwa, nthaka inatitimira mbali imodzi. Simungagone munthu. Sanapemphe kanthu, Arlo si wopempha. Anangonena kuti wamng'onoyo akutsokomola."

Thelma anaimirira pang'onopang'ono.

"Ndiye?"

"Ndiye ndinati poti ife tikusamuka, kwa Thelma kuli malo."

"Ana angati?"

"Asanu. Koma awiriwo ndi ang'onoang'ono, sadya malo. Ndi agalu, koma amenewo agona panja." Anakweza mwendo wa mphalapala paphewa. "Ndawasiya akutsitsa katundu. Kiyi ndinawauza pamene umabisa."

Thelma anayamba kutsika phiri wapansi, manja omanga nsanza aja akulendewera m'mbali. Leona anafuna kumuitana koma sanadziwe choti amuuze. Anatembenukira mwamuna wake, yemwe anali ataima pakhomo ndi nyama paphewa, akufunsa kuti aipachike pati.

"Wilmer, unabadwa chonchi kapena unachita kuphunzira?"

"Ndalakwanso chiyani? Ana agone panja?"

Leona anadana nalo funsolo. Analowa m'nyumba n'kuyamba kusesa pansi poti panali posesa kale.

Dzuwa litapendeka, chipale chitayamba kugwira pansi, anamva mapazi pakhonde. Anatsegula. Anali Thelma, chikwama cha zovala chili paphewa, pilo ali m'khwapa, tsitsi lili ndi chipale. Sanalowe. Anaima pamenepo n'kuyang'ana kumbali, kuphiri, kumene mapesi ouma a maluwa aja ankagwedezeka ndi mphepo.

"Kwanga kulibe poponda," anatero, ngati akukamba za mitambo. "Mwana wina walemba pakhoma ndi chopaka milomo. Wamng'onoyo amugoneka pabedi langa, poti ndiye pofunda. Akutsokomoladi."

Sanawonjezere kanthu, ndipo Leona anadziwa kuti sawonjezera.

Mawu oti ayi anali pakamwa pa Leona, okonzeka, atawasunga zaka ziwiri. Nyumba iyi anailipira ndi msana wake. Anali asanagonemo ngakhale kamodzi. Ankafuna chisanu chimodzi chokha chopanda munthu womuyang'ana m'manja, ndipo sanaone kuti chimenecho n'chochuluka kupempha. Koma maso ake anagwera pa dzanja limene linagwira lamba wa chikwamacho, nsanza zitada ndi dothi la denga lomweli, magazi atauma pa chala chachikulu. Anayesa kukankha mawu aja kuti atuluke. Mawuwo anakana kutuluka. Anamva mkwiyo ukukwera, wokwiyira Wilmer, Arlo, mtsinje, mudzi wonse ndi makutu ake omwe, amene anamva zimene sizinanenedwe.

"Chipinda chakumbuyo n'chofunda," anatero. "Paipi imadutsa pafupi."

Thelma anagwedeza mutu, kupukuta nsapato bwinobwino, n'kulowa. Anaika chikwama pansi. Anayang'ana uku ndi uku, kudenga, kumzati, kuwindo, kenako maso ake anaima pa tebulo.

"Tebuloli waliika polakwika, Leona. M'mawa kuwala kuzibwera kumsana. Gwira uko."

Leona anapuma mozama, n'kugwira mbali inayo.